Njanji ndi imodzi, maulendo ndi osiyana: mbiri ya sitima kuchokera ku Nsanje mpaka ku Tokyo

Munthu atatenga tepi yoyezera n'kugwada pa njanji ya pa siteshoni ya Limbe, apeza kuti pakati pa zitsulo ziwirizo pali mamilimita 1,067. Atakachita chimodzimodzi pa njanji ya Yamanote, yomwe imazungulira mzinda wa Tokyo ku Japan, apeza muyeso womwewo. Njanji ya ku Bulawayo, ya ku Kapiri Mposhi ndi njanji zambiri za ku South Africa nazonso n'chimodzimodzi. Komatu ku Tokyo munthu ikamusiya sitima sadandaula, chifukwa ina imafika pakangopita mphindi zochepa. Ku Limbe ikamusiya sitima ya anthu, amasenza katundu wake n'kulunjika kudepoti ya maminibasi, popeza kudikira ina n'kuwerenga masiku.

Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake, ndipo kwa Amalawi mbiriyo inayambira pa mtsinje wa Shire.

Amtengatenga ndi madzi a Shire

Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1800, katundu wochokera ku Ulaya ankatsikira pa doko la Chinde, pomwe Zambezi amathira m'nyanja ya mchere. Kumeneko ankamukweza m'sitima zing'onozing'ono za pamadzi zomwe zinkakwera Zambezi, kulowa mu Shire, mpaka kwa Katunga pafupi ndi Chikwawa. Kupitirira apo kunali mathithi, sitima sizikanadutsa. Chotsala chinali mitu ndi mapewa a anthu. Amtengatenga ankasenza mabelo a nsalu, mabokosi ndi zitsulo za makina, kukwera chitunda chonse cha ku Thabwa mpaka ku Blantyre, ndipo pobwerera ankatsika ndi khofi. Mzungu ankagona m'machila, amuna akusinthana kumunyamula.

Eni minda ikuluikulu a ku Blantyre, Thyolo ndi Mulanje sankakondwa ndi zimenezi. Mwamuna aliyense wosenza katundu pamsewu anali mwamuna amene sakugwira khasu m'munda mwawo. Chinanso, madzi a mu Shire ankacheperachepera chaka ndi chaka, moti m'chilimwe sitima zinkatitimira mumchenga zisanafike n'komwe ku Chiromo. Apa ndi pomwe anayamba kulirira njanji. Kampani ya Shire Highlands Railway inayala zitsulo kuchokera ku Port Herald, komwe lero ndi Nsanje, kudzera ku Chiromo, kutsata mtsinje wa Ruo, kukwera mapiri a ku Thekerani ndi Sandama, kudutsa Luchenza ndi Limbe. Mu 1908 sitima inafika ku Blantyre. Mtunda wonse unali makilomita pafupifupi 180, ndipo nthaka yake inakumbidwa ndi makasu, dothi n'kumatutidwa m'madengu.

Koma mtsinje sunaleke kuphwa. Posakhalitsa, ngakhale ku Port Herald sitima za pamadzi zinayamba kuvutika kufika. Njanji inawonjezedwa kulowa mu Mozambique mpaka ku Chindio, m'mbali mwa Zambezi, ndipo mu 1922 njanji ina, ya Trans-Zambezia, inachokera ku Dondo pafupi ndi Beira n'kudzathera tsidya lina la mtsinjewo, pa Murraça. Njanji ziwiri zinayang'anizana, pakati pali madzi. Sitima ikafika pa Chindio, mabelo onse a fodya, tiyi ndi thonje ankatsitsidwa, kukwezedwa m'mabwato okokedwa ndi sitima ya pamadzi, kuwoloka, kutsitsidwanso, kenako kukwezedwa m'mabogi ena. Madzi akasefukira magombe ankamira. Akaphwa, mabwato ankakanirira pamchenga. Katundu ankatha kukhala pagombe masabata.

Vutoli linatha mu 1935 pamene unatsegulidwa mlatho wa Dona Ana, wolumikiza Sena ndi Mutarara. Unali wotalika makilomita oposa 3.6, ndipo pa nthawiyo panalibe mlatho wa njanji woposa umenewu mu Africa. Anaumanga ndi a kampani ya Cleveland Bridge ya ku England, omwenso anamanga mlatho wa pa Victoria Falls mu 1905. Chaka chomwecho cha 1935 njanji inachoka ku Blantyre kudzera ku Balaka ndi Chipoka mpaka ku Salima.

Amati walira mvula walira matope, koma pano olira mvula anali ena, oponda matope ena. Boma la Nyasaland ndilo linaikidwa kukhala chikole cha ngongole za njanji ya Trans-Zambezia, yomwe inali m'dziko la eni, ndipo linasenzanso za mlathowo. Ndalama zomwe zikanamanga sukulu, zipatala ndi misewu zinkathera kubweza ngongole, ndipo mbali yaikulu ya ndalama za bomalo inkachokera ku msonkho wa nyumba womwe anthu akumudzi ankakhoma. Katswiri wa mbiri yakale Leroy Vail analemba kuti njanjizi zinathandiza kusaukitsa Nyasaland. Mtengo wonyamulira katundu unalinso wokwera kwambiri, moti mbewu zotchipa za mlimi wamba, monga chimanga, zinkalephera kupindula paulendo wopita kudoko.

Okwera kumbuyo

Anthu ankakwera nawo, koma sitimayo sinabwerere iwo. Mabogi anali ogawidwa potsata khungu ndi thumba: azungu kwawo pamipando yofewa, amwenye kwawo, anthu akuda pamabenchi a matabwa. Zinali choncho m'chigawo chonse cha kumwera kwa Africa. Ku South Africa, loya wachinyamata Mohandas Gandhi anatsitsidwa m'sitima pa siteshoni ya Pietermaritzburg mu 1893 chifukwa chokhala m'bogi ya azungu ngakhale anali ndi tikiti yake.

Okwera ambiri ochokera ku Nyasaland anali amuna opita kukagwira ntchito ku Salisbury, kumigodi ya malasha ya Wankie kapena ya golide ku Joni. Ena ankayenda pansi kudzera ku Tete, ena kukwera malole aulere omwe boma la Southern Rhodesia linakonza pofuna kukopa antchito, ndipo dzina la malolewo linali lomwelo, Ulere. Ambiri sanabwerere, anasanduka machona, ndipo zidzukulu zawo zikuyankhulabe Chichewa ku Harare ndi ku Bulawayo. Mpaka lero depoti ya mabasi yoyandikana ndi siteshoni ya sitima ya Blantyre imatchedwa Wenela, dzina la bungwe lomwe linkalemba amuna opita kumigodi.

Panali nthawi ina pomwe zinthu zinkalumikizana bwino. Sitima ya pamadzi ya Ilala inapangidwa ku Scotland, inabwera zidutswazidutswa kudzera ku Beira, ndipo inayamba kuyenda pa nyanja ya Malawi mu 1951 ili m'manja mwa kampani ya njanji. Pa Chipoka njanji imafika padoko penipeni. Munthu ankatha kuchoka ku Limbe pa sitima ya pamtunda, kutsika pa Chipoka, kukwera ya pamadzi, mpaka kukafika ku Nkhata Bay ndi kupitirira.

Zaka za ufulu, zaka za nkhondo

Dziko litalandira ufulu mu 1964, Dr Hastings Kamuzu Banda anafuna khomo lachiwiri lotulukira kunyanja. Mu 1970 inatsegulidwa njanji yochoka pa Nkaya kudzera ku Liwonde mpaka ku Nayuchi, komwe imalumikizana ndi ya ku Nacala. Ndalama zake zinali ngongole yochokera ku South Africa. Kenako, ndi thandizo la dziko la Canada, njanji inachoka ku Salima kufika ku Lilongwe mu 1979 ndi ku Mchinji mu 1980. Njanji yonse ya m'dziko muno inakwana makilomita pafupifupi 800, ndipo pafupifupi katundu yense wolowa ndi wotuluka ankadzera ku Beira ndi ku Nacala.

Nkhondo ya pachiweniweni ya ku Mozambique inatseka makomo onse awiri. Pofika chapakati pa zaka za m'ma 1980 sitima za ku Beira ndi za ku Nacala zinali zitaima, ndipo mu 1986 zigawenga za RENAMO zinaphulitsa mbali ina ya mlatho wa Dona Ana. Fodya, tiyi ndi shuga zinayamba kuyenda pa mathiraki mpaka ku Durban, mtunda wotalika kangapo konse kuposa wa ku Beira. Asilikali a Malawi anatumizidwa kukalondera njanji ya Nacala, ndipo ena anafera konko. Nkhondo itatha mu 1992, amalonda anali atazolowera msewu.

Zomwe nkhondo inasiya, madzi anamaliza. Mu 1997 chigumula chinakokolola njanji pa Chiromo, Bangula ndi Nsanje n'kudukana ndi Limbe. Mu 2003 mlatho wa pa Rivirivi pafupi ndi Balaka unapita ndi madzi. Pakati pa zaka zimenezi, mu 1999, boma linapereka njanji kwa kampani ya Central East African Railways kuti iziyendetsa. Kachigawo kolumikiza Mchinji ndi Chipata, komwe kanadikirira zaka pafupifupi makumi atatu, kanatsegulidwa mu 2010.

Mpata womwe sitima inasiya unadzazidwa ndi matayala. Akuluakulu amakumbukira mabasi a UTM omwe ankafika kumidzi yakutali pa nthawi yodziwika, kenako a Stagecoach, kenako a Shire Bus Lines. Zitatha izi mfumu ya pamsewu inakhala minibasi. Aliyense amene anakwerapo pa Limbe amaudziwa ulendo wake: anyamata oitanira akukanganirana chikwama cha munthu mmodzi, dalaivala akuliza injini ngati akunyamuka pomwe mipando isanadzaze, kondakitala akugogoda chitseko kuti "tasunthani pang'ono, amayi", thumba la ufa lili pamapazi, ndowa ya usipa ili kumbuyo. Minibasi imanyamuka ikadzaza, ndipo mafuta akakwera mtengo mmawa, madzulo mtengo wokwerera wakwera kale. Komwe minibasi safika, pamafika matola ndi kabaza.

Njanji ya Kaunda ndi Nyerere

Kuseri kwa malire a kumpoto kwa Malawi kunamangidwa njanji yokhala ndi chiyambi china. Ian Smith atalengeza ufulu wa boma la azungu ku Rhodesia mu 1965, dziko la Zambia linapezeka kuti mkuwa wake wonse ukudzera m'manja mwa adani. Kenneth Kaunda ndi Julius Nyerere anapempha thandizo kumayiko a azungu, koma anawakanira. Dziko la China linavomera, linapereka ngongole yopanda chiwongoladzanja, ndipo pakati pa 1970 ndi 1975 linamanga TAZARA, makilomita 1,860 kuchokera ku Dar es Salaam mpaka ku Kapiri Mposhi. Pakati pa Mlimba ndi Makambako njanjiyo imaboola mapiri n'kuwoloka zigwa zakuya, ntchito yomwe ambiri ankati singatheke.

Nayonso inamangidwira katundu, koma anthu a m'mbali mwake anailanda n'kuisandutsa yawo. Pa masiteshoni ang'onoang'ono panabadwa misika. Sitima ikaima, amayi amathamangira kumazenera ndi mbale za nthochi, mpunga ndi nkhuku yokazinga, ndipo alimi amakweza matumba opita kumatauni. Podutsa m'nkhalango ya Selous okwera amaona nyama zakutchire ali pampando. Amalonda a ku Karonga ndi Mzuzu akhala akuikwerera pa Mbeya. Ulendo wonse umayenera kutenga masiku pafupifupi awiri, koma kuchepa kwa mainjini ndi kukalamba kwa njanji kwachititsa kuti kuchedwa kwa maola ambiri kukhale chizolowezi.

Kumwera nkhani yake ndi ya chuma chomwe chinalipo n'kutayika. Zimbabwe inali ndi njanji yamagetsi yochoka ku Harare kupita cha ku Gweru kuyambira mu 1983, koma chuma chitasokonekera mawaya anabedwa, sitima zamagetsi n'kuima. Ku South Africa zinthu ziwiri zili pafupi ngati mpeni ndi mphanda. Gautrain, yomwe inayamba mu 2010 pa nthawi ya mpikisano wa mpira wa dziko lonse, imathamanga makilomita 160 pa ola pakati pa Johannesburg, Pretoria ndi bwalo la ndege la OR Tambo, yaukhondo, yosunga nthawi, koma yodula. Metrorail, sitima ya anthu wamba a ku Soweto ndi Khayelitsha, inasakazidwa koopsa mu 2020 pa nthawi ya mliri wa Covid-19, pamene akuba anazula mawaya ndi zitsulo za m'masiteshoni. Amalawi ambiri okhala ku Joni amadalira mataxi, omwe ndi maminibasi a kumeneko.

Kumene wotchi imalamula

Japan inayala njanji yake yoyamba mu 1872, pakati pa Shimbashi ndi Yokohama, mothandizidwa ndi mainjiniya a ku Britain, ndipo n'chifukwa chake muyeso wake ukufanana ndi wa ku Limbe. Kusiyana kwake kunali kwakuti boma la Japan linali la eni dziko, ndipo linkayala njanji molumikiza mizinda yake. Makampani ena a njanji anayamba kumanga nyumba, masitolo ndi malo achisangalalo m'mbali mwa njanji zawo, kotero kuti wokwera sitima anakhala gwero la phindu lawo lonse.

Pa 1 Okutobala 1964, chaka chomwe Malawi analandira ufulu, Japan inatsegula Shinkansen pakati pa Tokyo ndi Osaka, pa njanji yatsopano yotakata mamilimita 1,435. Mtunda wa makilomita 515 unkatenga maola anayi. Lero umatenga pafupifupi awiri ndi theka. Pa njanji imeneyi palibe wokwera amene anafapo chifukwa cha kugundana kapena kugubuduzika kwa sitima. Chinsinsi chake chimaoneka pa zinthu zing'onozing'ono. Sitima ikafika pa siteshoni ya Tokyo, gulu la okonza limakhala litaima kale pamzere. Okwera akatsika, iwo amalowa, kutola zinyalala, kupukuta matebulo, kutembenuza mipando kuti iyang'ane komwe sitima ikupita, ndipo m'mphindi zochepa chabe amakhala atatuluka. Usiku sitimazi siziyenda, kuti amisiri ayendere njanji. Nayonso njanji ya boma la Japan inamira m'ngongole ndipo inagawidwa kwa makampani mu 1987, koma makampaniwo amapeza ndalama ponyamula anthu, choncho sangayerekeze kuwataya.

Switzerland ndiyo ikufanana kwambiri ndi Malawi: ndi dziko laling'ono, lamapiri ndi nyanja, lopanda doko la kunyanja ya mchere. Kuyambira mu 1982 sitima zake zimayenda pa ndondomeko yobwerezabwereza, kutanthauza kuti ngati sitima inyamuka mphindi khumi itakwana 8 koloko, ina inyamuka mphindi khumi itakwana 9 koloko, tsiku lonse. Mabasi a kumidzi ndi sitima za panyanja amaziika nthawi yokumana ndi sitima za pamtunda, ndipo tikiti imodzi imatha kukwanira ulendo wonse. Ndi zomwe Chipoka inkachita kale, kungoti kumeneko anazifalitsa dziko lonse. Britain, komwe sitima inabadwira mu 1825, inatseka njanji zambiri za kumidzi potsatira lipoti la Richard Beeching la mu 1963, ndipo lero dandaulo lalikulu la okwera, kuphatikizapo Amalawi okhala kumeneko, ndi kudula kwa matikiti.

Mayiko ena a mu Africa ayambanso kuganizira wokwera. Kenya inatsegula njanji yatsopano ya Mombasa ndi Nairobi mu 2017, ulendo womwe kale unkatenga usiku wonse n'kutsika kufika pa maola asanu kapena asanu ndi limodzi. Morocco inayamba kuyendetsa Al Boraq mu 2018, yothamanga mpaka makilomita 320 pa ola. Tanzania, yomwe inayamba ndi mabasi oyenda mumsewu wawowawo mu Dar es Salaam mu 2016, inatsegula sitima yamagetsi yopita ku Morogoro ndi Dodoma mu 2024. Zambiri mwa ntchitozi zadza ndi ngongole zikuluzikulu zomwe nzika zikubweza, ndipo mbiri ya mlatho wa Dona Ana ikuchenjeza kuti ngongole ya njanji iyenera kuwerengedwa mofatsa isanasainidwe.

Malasha adutsa, anthu akuyang'ana

Njanji yatsopano kwambiri m'Malawi ndi yomwe kampani ya Vale ya ku Brazil inamanga kuchokera kumalire a Kachaso, kudutsa Chikwawa, Mwanza ndi Neno, mpaka pa Nkaya. Ndi gawo la njira ya makilomita oposa 900 yonyamula malasha kuchokera ku Moatize kupita kudoko la Nacala, yomwe inatsegulidwa mwamwambo mu 2017 ndipo pambuyo pake inagulitsidwa kwa kampani ya Vulcan. Ndi njanji yolimba, yamakono, yosamalidwa bwino, ndipo muyeso wake ndi uja wa mamilimita 1,067. Mabogi oposa zana amadutsa motsatizana, ana a sukulu ataima m'mbali kuwawerenga. Patapita zaka zoposa zana chifikire sitima ku Blantyre, cholinga cha njanji chikadali kutulutsa katundu kupita kunyanja.

Komabe njala ya sitima ilipo. Tsiku lomwe sitima ya anthu yochoka ku Limbe ikudutsa pa Nkaya, Liwonde kapena Nayuchi, siteshoni imasanduka msika. Kumabwera matumba a mpunga ndi nsomba zouma za ku nyanja ya Chilwa, mitolo ya nzimbe, nkhuku zomangidwa miyendo, njinga zokwezedwa pakhomo la bogi. Kwa anthu a m'midzi yomwe msewu wake umaduka mvula ikagwa, sitimayi ndiyo njira yotchipa yofikira kuchipatala ndi kumsika.

Zitsulo zolumikiza Blantyre, Balaka, Salima, Lilongwe ndi Mchinji zilipo. Njanji yomwe imadutsa pakati pa Limbe, Blantyre ndi Lunzu ikuyenda moyandikana ndi misewu yomwe anthu zikwizikwi amapanikizana m'maminibasi mmawa uliwonse, ndipo ntchito yokonzanso njanji ya ku Marka ndi Bangula inayambika. Aphungu a Nyumba ya Malamulo ndi akuluakulu a unduna wa zamtengatenga, pokambirana mapangano ndi makampani oyendetsa njanji, alembemo momveka bwino chiwerengero cha sitima za anthu pa sabata, nthawi yonyamukira ndi mtengo woti mlimi wa ku Nayuchi angakwanitse, ndipo mapanganowo aziwerengedwa poyera kuti okwera adziwe chomwe analonjezedwa.